Mwala Umadutsa Malire, Munthu Amatsala pa Msasa

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKA ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

 Omvera, ena mwakhala pakhonde mutangotsuka m'manja, ena muli m'minibasi kuchokera kuntchito, ena mukutimvera pafoni.  Lero tikamba za nkhondo, koma osati za akuluakulu a asilikali ndi mapu awo. Tikamba za anthu wamba amene nkhondo imawapeza ali kumunda, ndiponso za ife tonse amene timadzuka, kusamba, kumwa tiyi ndi kupita kuntchito tsiku lomwelo limene anzathu akukwirira ana awo.

Tiyeni tipite kum'mawa kwa dziko la Democratic Republic of Congo, m'mphepete mwa nyanja ya Kivu. Pamenepo pali mizinda iwiri yogundana makoma. Mbali ino ndi Goma, likulu la chigawo cha North Kivu ku Congo. Mbali inayo ndi Gisenyi, ku Rwanda. Munthu amayenda wapansi kuchoka mumzinda wina kulowa mu unzake, ndipo amayi a geni amawoloka m'mawa atasenza madengu n'kubwerera madzulo. Ku Gisenyi kuli mahotela a m'mbali mwa nyanja, mchenga wosesedwa bwino, alendo akumwa khofi pansi pa maambulera. Nyanja ndi yomweyo, mvula ndi yomweyo, dzuwa limatuluka nthawi imodzi.

M'masiku omaliza a Januwale 2025, gulu loukira boma la M23 linalowa mu Goma. Magetsi anazima, mipope inauma. Anthu ankatsetserekera kunyanja ndi zigubu zachikasu zipolopolo zikulira, chifukwa ludzu silidikira kuti mfuti zikhale chete. Zipatala zinadzaza mpaka ovulala ankagonekedwa m'matenti panja. Nyumba zachisoni zinalephera kusunga mitembo popeza kunalibe magetsi, ndipo anthu a Red Cross ankatola mitembo m'misewu n'kukaiika m'manda a anthu ambirimbiri. A bungwe la United Nations ananena kuti anthu pafupifupi 3,000 anafa m'masiku ochepa amenewo. Mabomba ena anagweranso ku Gisenyi n'kupha anthu kumeneko, nawonso ndi maliro. Koma mfuti zitakhala chete, tsidya linalo moyo unabwerera m'malo mwake. Ku Goma mabanki anatsekedwa, bwalo la ndege linatsekedwa, ndipo mphunzitsi amene malipiro ake anali m'banki anangotsala ndi nambala pafoni, ndalama yogulira ufa alibe.

Omvera, kuti timvetse zimene anthuwa adutsamo, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono, Goma asanagwe. Kuyambira kumapeto kwa 2021, pamene M23 inayambiranso kumenya nkhondo, anthu a m'midzi ya ku Rutshuru ndi Masisi ankathawira kumzindawu. Anamanga misasa yozungulira Goma: Kanyaruchinya, Bulengo, Lushagala, Mugunga. Anthu oposa 500,000 ankakhala m'misasa imeneyi.

Ndikufuna muone pansi pamene anthuwa ankagona. Goma ali patsinde pa phiri lophulika moto la Nyiragongo, limene linalavula chiphalaphala mu 2002 komanso mu 2021. Nthaka ya kumeneko ndi miyala yakuda, yakuthwa, yokumbikakumbika. Khasu silipalowa. Chimbudzi kuti chikumbidwe pamafunika nyundo ndi mgwala. Mayi amene kwawo ku Masisi anali ndi munda wa mbatata, nthochi ndi nyemba, mwina ndi ng'ombe za mkaka pamwamba, anapinda timitengo n'kuphimba ndi lona, kanyumba koti munthu wamkulu sangaimiriremo. Pansi anayala masamba kuti miyala isamalase ana kumsana. Mvula ikagwa, banja lonse linkakhala tsonga mpaka kucha. Nkhuni kunalibe, choncho amayi ndi atsikana ankalowa m'tchire cha kumalire a nkhalango ya Virunga, kumene amuna a mfuti ankawadikira. Madokotala a bungwe la Médecins Sans Frontières ananena kuti mu 2023 mokha anathandiza anthu oposa 25,000 ogwiriridwa m'dziko la Congo, ambiri mwa iwo a ku North Kivu komweko. Amenewo ndi okhawo amene anafika kuchipatala.

Pa 3 Meyi 2024 mabomba anagwera pamisasa ya ku Mugunga. Akuluakulu a boma anati anthu 35 anafa, ana ali momwemo. Anthu amene anathawa mabomba kumudzi anawapeza pamalo amene anathawirapo. Ndiye Goma atagwa, mu Febuluwale 2025, a M23 analamula kuti anthu achoke m'misasa pasanathe maola 72, abwerere kwawo. Ambiri anakapeza nyumba zilibe madenga, minda akulima ena, kwina mabomba osaphulika ali m'mizere.

Pali chinthu china chimene nkhani za pawailesi ndi pakanema sizionetsa kawirikawiri. Anthu ambiri amene nkhondo imapha samva n'komwe kulira kwa mfuti tsiku limene akufa. Bungwe la International Rescue Committee linachita kafukufuku n'kupeza kuti pakati pa 1998 ndi 2007 anthu pafupifupi 5.4 miliyoni anafa ku Congo chifukwa cha nkhondo ndi zotsatira zake. Akatswiri ena anatsutsa kuti chiwerengerocho chakwera kwambiri, ndipo mkangano umenewo ulipo. Koma pa mfundo imodzi palibe wotsutsa: ochuluka zedi anafa ndi malungo, kutsegula m'mimba, chibayo ndi kunyentchera. Namwino akathawa, chipatala cha pamudzi chimatsekedwa. Mlatho ukaphulitsidwa, katemera safika. Mayi woyembekezera amabereka m'tchire usiku. Mwana amene akanachira ndi mapiritsi a masiku atatu amamwalira ali kumsana kwa amake paulendo. Imfa zotere sizikhala ndi chithunzi, n'chifukwa chake anthu a kutali sazimva.

Mumzinda wa Bukavu, umene nawonso unagwa m'manja mwa M23 mu Febuluwale 2025, muli chipatala cha Panzi. Dokotala Denis Mukwege anachitsegula mu 1999 pofuna kuthandiza amayi kubereka bwino. Ntchito inasanduka yosoka matupi a amayi ndi ana ong'ambidwa ndi ogwirira. Mu 2018 anamupatsa mphoto ya Nobel ya mtendere, ndipo ataima pamaso pa mafumu ndi nduna ku Oslo anawakumbutsa kuti mafoni ndi magalimoto amene amasangalala nawo ali ndi miyala ya kwawo. Anamuombera m'manja, mwambo unatha, iye anabwerera kukapeza odwala akumudikira.

Tsopano tifike pa mwala umene ndautchula m'mutu wa nkhaniyi. Pamtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera ku Goma, m'mapiri a Masisi, pali tawuni ya Rubaya. Mapiri ake anakumbidwa maenjemaenje. Anyamata amalowa m'maenjemo ndi fosholo ndi tochi ya pamutu, opanda chipewa chachitsulo, ndipo nthawi ya dzinja maenjewo amagumuka n'kuwakwirira. Dothi limene atulutsa amalitsuka m'makhwawa mpaka patsale mchenga wakuda wolemera. Mchenga umenewo ndi coltan. Mu coltan amachotsamo chitsulo chotchedwa tantalum, chimene amapangira tizipangizo ting'onoting'ono tosunga mphamvu ya magetsi m'mafoni, m'makompyuta, m'makina a kuchipatala, komanso zitsulo za m'mainjini a ndege. A United Nations amati Rubaya yekha amatulutsa gawo loposa 15 pa 100 aliwonse a tantalum yense wa padziko lapansi.

Kumapeto kwa Epulo 2024 a M23 analanda Rubaya. Sanatseke migodi. Anaika msonkho pa wokumba, pa wogula ndi pa wonyamula, ndipo akatswiri a United Nations anapeza kuti gululi linkatolera madola mazanamazana a masauzande mwezi uliwonse. Matumba a coltan amakwera njinga zamoto, kenaka magalimoto, n'kuwoloka malire kulowa m'Rwanda. Kumeneko amasakanizidwa ndi wa m'migodi ya m'dzikomo, amalandira mapepala atsopano, amatsikira kudoko, amakwera sitima kupita kumafakitale a ku Asia. Akasungunulidwa palibenso amene angaloze kuti uyu ndi wa ku Rubaya. Pakapita miyezi ali m'sitolo yowala ku Dubai, ku London, ku Johannesburg, ngakhale kuno ku Limbe ndi ku Area 2.

Taganizirani maulendo awiriwa. Mwala wa ku Rubaya wadutsa malire atatu kapena anayi, palibe anaufunsa chiphaso. Mayi wa ku Rubaya komweko, amene mwamuna wake ankaukumba, akati awoloke malire amodzi okha amafunsidwa kuti ndani wakuitana, udya chiyani, ubwerera liti. Ndiye tikamati pali mpata waukulu pakati pa ovutika ndi nkhondo ndi okhala mwa wofuwofu, tisaganize kuti ndi anthu awiri osadziwana amene anangobadwira kotalikirana. Pali msewu wowalumikiza, ndipo pamsewupo katundu amayenda tsiku lililonse. Chotsekedwa ndi njira ya munthu basi.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ngati mwangotsegula wailesi yanu, tikukamba za anthu wamba a kum'mawa kwa Congo ndi ife amene tili kutali ndi mfuti.

Msewu umenewu sunalambulidwe dzulo. Pakati pa 1885 ndi 1908 dziko la Congo linali chuma cha munthu mmodzi, Mfumu Leopold II ya ku Belgium. Nthawi imeneyo ku Ulaya ndi ku America kunabwera matayala opopa a njinga, kenaka a galimoto, ndipo mphira unasanduka golide. Midzi ya ku Congo inkapatsidwa muyeso wa mphira woti ibweretse. Ukapanda kukwana, asilikali ankagwira akazi ngati chikole, kuotcha midzi, ngakhale kudula anthu manja. Mnyamata wopalasa njinga mosangalala m'misewu ya Brussels sankadziwa zimenezi, kapena sankafuna kudziwa. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, miyala ya uranium ya mumgodi wa Shinkolobwe ku Katanga ndi imene inathandiza kupanga mabomba a atomiki a America. M'chaka cha 2000, mafoni a m'manja atayamba kufala, mtengo wa coltan unakwera kangapo m'miyezi yochepa, ndipo magulu a nkhondo a ku Kivu anapeza pogulira zipolopolo. Nthawi iliyonse imene dziko lapansi lapeza chosangalatsa chatsopano, zikuoneka kuti zipangizo zake zimapezeka pansi pa mapazi a Akongo.

Kunena chilungamo, nkhondo ya ku Kivu ili ndi mizu yambiri, ndipo migodi ndi umodzi chabe. Pali mikangano ya malo ndi ufumu. Pali chilonda cha kuphana kwa ku Rwanda mu 1994, pamene ena mwa opha anzawo anathawira ku Congo n'kupanga gulu limene lero limatchedwa FDLR. Boma la Rwanda limati gulu limeneli ndi chiopsezo, ndipo kwa nthawi yaitali linkakana kuti limathandiza M23, ngakhale akatswiri a United Nations analemba mu 2024 kuti asilikali a Rwanda pakati pa 3,000 ndi 4,000 anali m'dziko la Congo. A M23 amati akuteteza Atutsi a ku Congo. Kuderali kuli magulu a mfuti oposa 100, ndipo asilikali a boma la Congo ndi magulu owathandiza nawonso akhala akuba, kupha ndi kugwirira. Kinshasa ali pamtunda woposa makilomita 1,500 kuchokera ku Goma, ndipo kumeneko nduna zimayenda m'magalimoto a magalasi akuda, maphwando osatha. Wofuwofu uja sali ku Ulaya kokha. Ali m'dziko momwemo, m'likulu la anthu omwe akufawo.

Okonda mpira, nkhaniyi inakufikani pamaso inu osazindikira. Mu 2018, pamkono pa jezi ya Arsenal panayamba kulembedwa mawu oitanira alendo ku Rwanda. Boma la Rwanda linachitanso mapangano otere ndi Paris Saint-Germain ndi Bayern Munich. Goma atangogwa, nduna ya zakunja ya Congo, mayi Thérèse Kayikwamba Wagner, inalembera matimuwa kuwapempha kuti athetse mapanganowo. Koma musafulumire kuomba m'manja, chifukwa m'chaka chomwecho cha 2025 boma la Congo nalonso linasaina mapangano ake ndi Barcelona, AC Milan ndi Monaco, kulipira mamiliyoni kuti dzina la dzikolo lioneke pa zovala za osewera, ana a ku Kivu akugona ndi njala. Ife tinali m'mavidiyo sho ku Ndirande ndi ku Kawale, tikukuwa chigoli.

Osewera a timu ya dziko la Congo anayesapo kutidzutsa. Mu Febuluwale 2024, pa mpikisano wa matimu a mu Africa ku Côte d'Ivoire, asanayambe masewera a ndime yachiwiri kwa yomaliza, nyimbo ya fuko ikuimbidwa, anaima dzanja lina litatseka pakamwa, zala ziwiri za dzanja linalo zitaloza pamutu ngati mfuti. Ankatanthauza kuti kwawo anthu akuphedwa ndipo dziko lili duu. Tinaona, ena tinafunsana kuti akutani, kenaka woimbira analiza wezulo.

Nanga n'chifukwa chiyani anthu okhala pa mtendere samva? Sindikhulupirira kuti ndi ouma mtima kuposa ena. Mayi wa ku Paris wogulira mwana wake foni sakufunira zoipa mayi wa ku Mugunga. Vuto ndi loti palibe chimene chimamukakamiza kuganizako. Sitolo ndi yoyera, bokosi ndi lokongola, ndipo pakati pa iye ndi dzenje la ku Rubaya pali amalonda khumi, aliyense akunena kuti ine ndinangogula kwa uje. Akuluakulu anati chili kwa mnzako umati chigwire nyanga. Koma pano zafika poipa, chifukwa ngakhale mawu oti chigwire nyangawo sakumveka. Bungwe la Norwegian Refugee Council limatulutsa chaka ndi chaka mndandanda wa mavuto a othawa kwawo amene dziko lawaiwala, ndipo Congo sasowapo. Pofika 2024, m'dzikomo anthu pafupifupi 7 miliyoni anali atasamutsidwa m'midzi yawo.

Dziko likafuna kumva, limamva ndithu. Russia italowa mu Ukraine mu Febuluwale 2022, pasanathe milungu iwiri mayiko a European Union anagwirizana zotsegula zitseko. Anthu oposa 4 miliyoni analoledwa kukhala, kugwira ntchito, kulembetsa ana sukulu ndi kupita kuchipatala popanda kutsekeredwa mumsasa. Chinali chinthu chabwino kwambiri, ndipo anthu a ku Ukraine anayenera kulandiridwa choncho. Chimene chinaonekera poyera n'chakuti njira ilipo, ndalama zilipo, malamulo amatha kusinthidwa msangamsanga. Chimasiyana ndi amene akugogoda pachitseko. Ndipo taonani kugundana kwa masiku: pa 20 Januwale 2025 boma la America linaimitsa thandizo lake la kunja, patangotsala sabata imodzi kuti Goma agwe. Chaka cha 2024 America ndi amene anapereka pafupifupi 70 pa 100 aliwonse a ndalama zothandizira ovutika ku Congo. Amene anasaina chikalatacho ku Washington anapita kukadya chakudya chamadzulo. Ku Kivu zipatala zina zinayamba kuwerenga mankhwala otsala.

Mwina wina akuti, basi tisiye kugula miyala ya ku Congo, nkhondo ithe. Zinayesedwapo. Mu 2010 America inakhazikitsa lamulo lokakamiza makampani kuulula ngati miyala yawo ikuchokera kumadera a nkhondo, ndipo mu Seputembala chaka chomwecho Pulezidenti Joseph Kabila analetsa kukumba m'zigawo zitatu za kum'mawa kwa miyezi isanu ndi umodzi. Amene anayamba kulira anali okumba, amayi ogulitsa chakudya pamigodi ndi ana osowa fizi. A mfuti anapeza njira zina, golide ndi misonkho ya pamsewu. Mu Disembala 2024 boma la Congo linakasumira nthambi za kampani ya Apple ku France ndi ku Belgium kuti zimagwiritsa ntchito miyala ya kunkhondo. Kampaniyo inakana, n'kunena kuti inauza kale oigulitsa kuti asiye kugula ku Congo ndi ku Rwanda. Kampani ikhoza kusamba m'manja motero n'kukagula kwina, koma mnyamata wa ku Rubaya alibe kwina kokakumba. Chofunika ndi malonda oonekera, oti ndalama ifike kwa wokumba ndi kuchipatala cha m'dera lake m'malo mofika kwa mwini mfuti. Ntchito imeneyo ndi yotopetsa, ndipo imatheka pokhapokha ogula, atolankhani ndi maboma akapanda kutopa kufunsa.

(KANYIMBO KAKAFUPI)

Ndikudziwa kuti wina pakhondepo akung'ung'udza. Akuti, achimwene, wofuwofu wake uti? Ife thumba la chimanga latikanika, feteleza sagulika, pa filing'i siteshoni timagona pamzere. Zoona, bambo, sindikutsutsani. Koma usiku uno mukhoma chitseko n'kugona mpaka tambala. Mawa mwana wanu apita kusukulu, ndipo mukudziwa kuti abwera. Munda umene mwabzala mukuyembekeza kukolola nokha. Ku Masisi zimenezo ndi chuma chimene munthu angasinthanitse ndi chilichonse. Pa nkhani iyi yokha, ife osaukafe tili mbali ya olemera.

Komanso nkhondo ya ku Congo ndi yathu kuposa mmene timaganizira. Mu 2013 asilikali a Malawi anayamba kutumikira kumeneko m'gulu lapadera la United Nations, limodzi ndi a South Africa ndi Tanzania, ndipo ndi gulu lomwelo limene linathandiza kugonjetsa M23 ulendo woyamba m'chaka chimenecho. Mu Novembala 2018, kufupi ndi Beni, asilikali athu asanu ndi mmodzi anaphedwa polimbana ndi zigawenga za ADF. Mmodzi wa iwo, Private Chancy Chitete, anawomberedwa akuteteza msilikali wa ku Tanzania wovulala amene anamukokera pamalo obisika. Mnzakeyo anapulumuka. Mu 2019 a United Nations anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu waukulu kwambiri umene amapereka kwa osungitsa mtendere. Mu Januwale 2025 asilikali athu ena atatu, a m'gulu la SADC, anafa pa nkhondo yolimbirana Goma. Kuli midzi kuno kwathu kumene dzina loti Congo limatanthauza bokosi lokutidwa ndi mbendera.

Ndipo akuluakulu amene mukundimva, inu nkhondo munaiona ndi maso, ingakhale sinali yanu. Pamsewu wochoka ku Dedza kupita ku Ntcheu pali malo amene msewuwo ndiwo malire. Cha ku Lizulu, ukatsika basi mbali iyi uli m'Malawi, ukawoloka tala uli ku Mozambique. M'zaka za m'ma 1980, tsidya lija masitolo anali mabwinja, makoma obookabooka ndi zipolopolo, minda itamera tchire. Tsidya lino msika unkachitika, kabichi ndi mbatata zili mbwee, mabasi akuimba mahutala. Mpata wa pakati pa nkhondo ndi mtendere unali masitepe khumi. Anthu oposa 1 miliyoni anawoloka kulowa m'dziko lino, pamene ife eni tinali osakwana 10 miliyoni. Ku Nsanje othawa nkhondo anachuluka kuposa eni dera. Ambiri sanayambire kumsasa. Anafikira m'makomo mwa anthu, mafumu anawagawira malo, anatunga pachitsime chimodzi ndi eni mudzi. Nkhuni zinatha, mitengo inapululuka, zipatala zinathina, koma sitinawabweze. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anabwerera kwawo. Makolo athu, osauka kuposa ife, anachita chimene mayiko ambiri olemera amalephera.

Tsono lero tikuchita bwanji? Ku Dowa, ulendo wosakwana ola limodzi kuchokera ku Lilongwe, kuli Dzaleka. Nthawi ya Kamuzu inali ndende ya akaidi a ndale. Mu 1994 inasanduka msasa wa othawa nkhondo, wokonzedwera anthu pakati pa 10,000 ndi 12,000. Tsopano muli anthu oposa 50,000, ndipo ambiri mwa iwo ndi ochokera ku Congo, ngakhale ife timangowatcha onse Maburundi. Muli aphunzitsi, anamwino, amakaniko, osoka, oimba. Muli achinyamata amene anabadwira momwemo, amalankhula Chichewa ngati inu ndi ine, Congo sanamuonepo. Thandizo la chakudya la bungwe la World Food Programme lakhala likudulidwa chifukwa chosowa ndalama. Malamulo athu amati wothawa kwawo azikhala mumsasa, ndipo kugwira ntchito kapena kuchita malonda kunja n'kovuta. Mu Meyi 2023 apolisi ndi asilikali anasesa m'matauni, kutseka mashopu, kukweza anthu m'malole, ana omwe, ena kukawasunga kaye kundende ya Maula asanawapititse ku Dzaleka. Boma linati likutsata lamulo ndi kuteteza dziko, ndipo amalonda ena a kuno anasangalala kuti opikisana nawo achoka. Madandaulo a amalonda athu ndi omveka, umphawi umapweteka. Koma munthu tamuletsa kugwira ntchito, chakudya chachepa, kwawo kukuyaka moto. Tikufuna atani?

Apa ndi pamene dzanja lathu limafika. Za mafakitale a ku Asia ndi zikalata za ku Washington mawu athu ndi ochepa. Za Dzaleka mawu ndi athu. Lamulo lathu la othawa kwawo linalembedwa mu 1989, msasa wa Dzaleka usanatsegulidwe n'komwe, ndipo nkhani yolikonzanso yakhala ikukambidwa kwa zaka. Phungu wa kwanu akabwera pamsonkhano, mufunseni kuti lafika pati, komanso ngati namwino wophunzira bwino ayenera kukhala manja lende mumsasa pamene chipatala cha m'dera lanu chilibe namwino. A mipingo ndi a mizikiti, pokonza zachifundo kumbukirani kuti Dowa si kutali. Ku Dzaleka kumachitika chikondwerero cha Tumaini, chimene chinayambitsidwa mu 2014 ndi mlakatuli wothawa ku Congo, Menes La Plume. Polowa salipiritsa. Pitani mukaone, mukadye chapati, mukacheze ndi anthu, mukamve okha akufotokoza kumene anachokera. Anzanga atolankhani, nkhani ya Kivu isamatuluke pokhapokha msilikali wathu akafa. Ndipo tonsefe, mwana akafunsa kuti anthu aja anabwera kudzatani kuno, timuyankhe zoona: anathawa nkhondo imene sanaiyambe, ndipo chuma cha kwawo chili m'matumba mwa anthu a dziko lonse, ife tomwe.

Mu Juni 2025 nduna za Congo ndi Rwanda zinasaina pangano la mtendere ku Washington, ndipo nkhani ya migodi inali pakatikati pa zokambiranazo. Mapangano otere asainidwapo kale ku Lusaka mu 1999 ndi ku Pretoria mu 2002. Muyeso woona ngati ili lagwira ntchito tisautenge kwa amene anagwirana chanza pa kanema. Tiutenge kwa mayi uja wa ku Masisi: kodi wabwerera kumunda kwake, ndipo akukolola yekha? Kufikira tsiku limenelo, ali ndi ufulu wogogoda pakhomo lililonse limene mwala wa kwawo unalowa, ndipo lathu lili m'gulu la makomo amenewo.

 Tumizani maganizo anu, makamaka inu a ku Dowa, Dedza, Ntcheu ndi Nsanje amene munakhalapo ndi othawa nkhondo, ndiponso inu a ku Dzaleka amene mukutimva. Tidzawawerenga m'pologalamu ikubwerayi. Tsalani bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)